KUSAMALA NYUMBA ZATHU MVULA ISANAYAMBE

Chaka ndi chaka, ikafika miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, timamva kuti nyumba ya auje yagwa usiku, khoma lapsinja mwana, chimanga chonse chanyowa. Tikapita kukazonda timangoti ndi tsoka. Nthawi zina limakhaladi tsoka. Pamene namondwe wa Freddy anafika m'chigawo cha kumwera mu Malichi 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ku Chilobwe, ndipo m'maboma a Mulanje ndi Phalombe midzi ina inakwiririka. Pamenepo panalibe chimene mwini nyumba akanachita. Komabe tinene zoona: nyumba zambiri zimene zimagwa m'midzi mwathu zili kutali ndi phiri, kutali ndi mtsinje. Zimagwa ndi mvula wamba, chifukwa zinayamba kudwala kalekale ife eni ake tikupenya.

Mdani wamkulu wa nyumba ndi madzi. Amalowera malo awiri, kudenga ndi m'munsi mwa khoma. Tikatseka njira ziwirizi, ngakhale nyumba ya zidina imakhala zaka zambiri.

Tiyambe ndi denga

Denga la udzu limayamba kuola pansonga ndi m'malo mmene udzu unapyapyala. Nthawi yoliona ndi Sepitembala kapena Okutobala, udzu umene tinamweta m'chilimwe usanathe ndi moto wolusa kapena kudyedwa ndi chiswe. Tilowe m'nyumba masana, titseke chitseko, tiyang'ane kumwamba. Paliponse pamene pakuoneka kuwala, mvulanso idzapita pomwepo. Pofolera tisamangoponya udzu watsopano pamwamba pa woola, chifukwa woolawo umasunga chinyezi n'kuoletsa mapaso. Amene timayala pulasitiki yakuda pansi pa udzu tikumbukire kuti ikaonekera padzuwa imauma ndi kung'ambika msanga, choncho udzu uyenera kuiphimba yonse.

Tikafolera ndi malata timaganiza kuti ntchito yatha mpaka kale. Ayi ndithu. Malata amafutukuka dzuwa likatentha ndi kubwerera usiku kukazizira, ndiye misomali imanka nikwezeka pang'onopang'ono. Mphepo ya mvula yoyamba ikapeza lata limodzi logwedera imalowa kunsi kwake, ndipo ikhoza kusasula denga lonse. Tikwere, tikhomerere misomali yokwezeka, yadzimbiri tichotse n'kuika ina. Msomali ukhomedwe pamsana pa lata, osati mumgula mmene mumayenda madzi. Tiboowo ting'onoting'ono titseke ndi phula. Masamba ounjikana padenga tisese, chifukwa ndi amene amayambitsa dzimbiri. Tionenso waya womangira mitanda kukhoma: ayenera kuzika mizere ingapo ya njerwa pansi, osangokolowekedwa pamzere wapamwamba. Chizolowezi chosanjika miyala ndi njerwa padenga n'choopsa. Mphepo ikakula miyala yomweyo ndi imene imagwera anthu.

Pogula malata tidziwe kuti nambala ya geji ikakula, lata limakhala lopyapyala. Geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 32. Ambiri timatenga nambala yaikulu poyesa kuti ndiye yolimba, ndipo wogulitsa satiwongolera.

Ife amene tinagwirapo ntchito yauphunzitsi tili ndi mlandu wathu pankhani imeneyi. Pasukulu ina tinakhala m'nyumba ya aphunzitsi imene inali kudontha pakona imodzi yokha, pamene panazuka msomali. Tinkangotcherapo beseni. Tinkati nyumbayi si yathu, akonze eni ake. Madzi aja sanali kugwera m'beseni onse. Ena anali kuyenda ndi mtanda mpaka pamwamba pa khoma. Itakwana mvula yachitatu mtanda unali utaola, khoma litang'ambika kuchokera pamwamba. Makolo anasonkha ndalama ndi kuumba njerwa mwezi wathunthu, pamene poyamba panangofunika msomali umodzi ndi kaphula. Maganizo akuti "ndi za boma" kapena "ndi za alandilodi" awononga nyumba zambiri. Wochita lendi auze mwini nyumba vuto likangoyamba, ndipo agwirizane poyera ngati ndalama yokonzera ichotsedwe pa lendi.

M'munsi mwa khoma

Apa ndi pamene timalekerera kwambiri. Madzi otsika padenga amamenya pansi n'kuthovukira kukhoma. Mvula iliyonse imachotsako kadothi pang'ono. Tikayang'ana nyumba zambiri za zidina tiona kuti m'munsi mwake ndi modyeka, khoma lakhala ngati munthu wonenepa woima pa timiyendo toonda. Njerwa yosaotcha ndi dothi basi. Ikauma imalimba ngati mwala, koma ikamwa madzi masiku atatu kapena anayi otsatizana imabwerera kukhala matope, ndipo siingathenso kunyamula kulemera kwa khoma ndi denga. Ngakhale njerwa zootcha, ngati zinamangidwa ndi dothi m'malo mwa simenti, zimagwa momwemo chifukwa dothi la pakati limasungunuka.

Makolo athu ankadziwa zimenezi. N'chifukwa chake ankamanga khonde lokwera kuzungulira nyumba yonse, ndipo denga linkatuluka kunja kokwanira kuti madzi agwere patali. Ife masiku ano, pofuna kupulumutsa lata limodzi kapena awiri, timadula denga pafupi ndi khoma. Ndi bwino denga lituluke pafupifupi masentimita 60 mbali zonse, makamaka mbali imene kumachokera mvula yamphepo. Ntchito ya amayi yozira khonde ena amaiyesa yongokongoletsa pakhomo, koma ndi imene imateteza maziko. Khonde likwezedwe chaka chilichonse, lipendekere kunja kuti madzi asabwerere kukhoma. Pamene pakumbika ndi nkhuku, nkhumba kapena ana osewera, tikwirire ndi kutsendera.

Amene angathe kupeza thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 asalithere pokongoletsa kumaso kwa nyumba. Alisakanize ndi mchenga wosefa, muyeso umodzi wa simenti ku miyeso 5 kapena 6 ya mchenga, n'kupaka m'munsi mwa khoma kuzungulira, kulekeza m'mawondo. Pazidina simenti siigwira bwino payokha, imafuna kuti tikolekole mizere ya pakati pa njerwa kapena tikhomemo waya wa sefa kuti ipeze pogwira. Tikapaka tizithirira madzi kwa masiku angapo kuti ilimbe.

Kenaka ngalande. Mvula yoyamba ikamagwa titulukeko ndi ambulera tione kumene madzi akulowera. Amatisonyeza okha pofunika kukumba. Ngalande iwatsogolere kutali ndi nyumba, kudimba kapena kudzenje la nthochi. Koma tisawakhotetsere pakhomo pa mnzathu. Milandu yambiri imene imafika kwa anyakwawa nthawi ya dzinja imayambira pomwepa, makamaka m'malo othinana a m'matauni. Ndi bwino oyandikana akambirane njira imodzi ya madzi.

Ming'alu ndi chiswe

Si mng'alu uliwonse umene uli woopsa. Ting'onoting'ono ta pamwamba pa pulasitala tingomata, poti timabisanso nsikidzi ndi mphemvu. Woopsa ndi uja woyenda chopingasa kuchokera pakona ya zenera kapena ya chitseko, woonekera mkati ndi kunja komwe. Tilembe ndi khala pamene walekezera, ndi tsiku lake. Ukapitirira chizindikirocho patapita milungu yowerengeka, ndiye kuti maziko akutitimira, tiitane mmisiri. Chitseko chimene kale chinkatsekeka bwino koma tsopano chikukana nachonso chimatiuza zomwezo. Pachipinda chotere tisagonekemo ana mvula ikamagwa usiku.

Chiswe chimagwira ntchito mobisa. Mtanda umaoneka wabwino kunja pamene mkati mwatsala mphako. Tiziugogoda ndi chipeni. Ukalira ngati ng'oma wadyeka. Tinjira tadothi tokwera khoma tiphwanye tikangotiona, ndi kufufuza kumene tikuchokera. Nkhuni, mapesi ndi udzu wofolera tisazitsamiritse kukhoma. Ambiri timapaka oyilo wakutha wa galimoto pamitengo, ndipo amathandizadi, koma asayandikire chakudya kapena kutayikira pafupi ndi chitsime.

Chimbudzi nachonso ndi nyumba

Pokonza pakhomo chimbudzi chimabwera pomalizira, mwinanso osachiganizira n'komwe. Mitengo yoyala padzenje imaola ndi chinyezi, ndipo dothi la m'mbali likafewa chonse chimatitimira, nthawi zina munthu ali momwemo. Chikagwa m'dzinja kukumba china n'kovuta, ndiye banja limayamba kupita kuthengo. Tonse tikukumbukira kolera amene anayamba mu 2022 ndi kupitirira mu 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Chimbudzi chifoleredwe, pakhale kamtumbira kotchinga madzi kuti asalowe m'dzenje, ndipo chatsopano chikumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, chakumunsi kwake.

Nanga ndalama?

Ena ati zonsezi n'zabwino koma ndalama palibe. N'zoona kuti zinthu zinakwera. Ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo simenti, malata ndi misomali zinakwera nayo limodzi. Nyumba imene tinamanga zaka khumi zapitazo ambiri a ife sitingathe kuimanganso lero itati yagwa. Koma tikawerenga ntchito zimene tatchulazi, zambiri zimafuna khasu, dothi, udzu, luzi ndi tsiku limodzi kapena awiri. Zofuna ndalama, monga kilogalamu ya misomali ndi kachitini ka phula, tipatuliretu pamene tagulitsa mtedza, soya kapena fodya, ndalama zisanathere ku zina.

M'mudzi uliwonse muli agogo, amayi amasiye ndi olumala amene sangakwere padenga. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Achinyamata asanu akhoza kufolera nyumba ya agogo ndi kukumba ngalande yake m'mawa umodzi, asanapite kukasosa. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi iyendere makomo otere mu Sepitembala, ilembe amene akufunika udzu ndi amene akufunika anthu okwera padenga, ndipo igawe masiku Okutobala asanathe.