Inveta yotchipa ikhoza kuotcha firiji

FÍNGOÈ — Boma la Marávia lili kumpoto kwa nyanja ya Cahora Bassa, komwe damu lomwe linatha kumangidwa mu 1974 limapanga magetsi okwana mamegawati 2,075. Komabe midzi yambiri yozungulira Fíngoè ili kutali ndi mawaya, choncho mabanja ena amadalira sola ndi batire.

Batire imasunga magetsi a mavoti 12 oyenda mbali imodzi, pomwe firiji imafuna a mavoti 220 osinthasintha mbali maulendo 50 pa sekondi. Kabokosi kotchedwa inveta ndiko kamasintha magetsiwo. Ntchito yomweyi imachitikanso ku Apollo, pafupi ndi Johannesburg, komwe kumafikira magetsi ochokera kudamuli atayenda makilomita oposa 1,400.

Vuto lili pa mainveta otchipa. Iwowa amatulutsa magetsi odumphadumpha, ndipo injini ya firiji imalira, kutentha, mwinanso kupsa. Zikatero wamalonda amaluza firiji pamodzi ndi nsomba zake.

Njira imodzi yothetsera vutoli ndiyo kugawa magetsi m'makwerero angapo, atatu, asanu kapena kuposerapo, kuti azikwera ndi kutsika pang'onopang'ono ngati funde. Akatswiri a ku Japan anafalitsa njira ya makwerero atatu mu 1981. Makwerero akachuluka, magetsi amasalala ndipo zipangizo zimakhalitsa.

Wogula asathamangire mtengo wotsika. Ayambe waona ngati pabokosi palembedwa kuti "onda senoidal pura", kutanthauza magetsi osalala.