Mphamvu ya Makina Opumira ndi Madzi a M'mapapo

Munthu akadwala chibayo choopsa kapena akavulala kwambiri, madzi amatha kudzaza m'mapapo mwake, kotero kuti amakhala ngati akumira chonsecho ali pakama. Zikatero madokotala amamlumikiza ku makina otchedwa ventileta, amene amakankhira mpweya m'chifuwa. Funso lathu lero, awerengi, nali: kodi makinawo ayenera kukankha ndi mphamvu yotani?

Poyamba tidziwe kuti mapapo amadzichotsera okha madzi. M'chaka cha 1982 Michael Matthay ndi anzake ku San Francisco adathira madzi m'mapapo a nkhosa, nayesa m'mene ankapheramo. Ntchitoyi, pamodzi ndi zina zotsatira, idaonetsa kuti kakhungu ka timatumba ta mpweya kamakoka mchere wa sodiyamu kuutulutsa m'timatumbamo, ndipo madzi amautsatira. Tinganene kuti mapapo ali ndi mjigo wawowawo.

Nanga makina amauchita chiyani mjigowu? Akulu adati kutsutsa galu n'kukumba, ndipo akatswiri adakumbadi. Kale mu 1974, Herbert Webb ndi Donald Tierney a ku America adalumikiza makoswe athanzi ku makina. Mphamvu ya mpweya imayesedwa ndi masentimita amene ingakweze madzi m'kapaipi. Makoswe opatsidwa masentimita 14 sadavutike, koma opatsidwa 45 mapapo ao adasefukira madzi ndipo adafa ola lisanathe. Ena adapatsidwa 45 yemweyo, koma makina ankawasiyira mphamvu ya masentimita 10 potulutsa mpweya kuti timatumba tisafwefwentheretu. Amenewa timatumba tao sitidasefukire.

Mu 1988 Didier Dreyfuss wa ku France adamanga zifuwa za makoswe ndi malamba kuti zisatukuke. Ngakhale mphamvu idali yaikulu, mapapo sadaonongeke. Apa padadziwika kuti choononga chenicheni ndi kufufumitsa mapapo mopyola muyeso. Pambuyo pake, mu 1999, gulu la Jacob Sznajder ku Chicago lidapeza kuti makoswe opatsidwa mpweya wochuluka ankachedwa kuchotsa madzi m'mapapo, pakuti mjigo wa sodiyamu uja udali utafooka. Tsono vuto lili pawiri: madzi akulowa ambiri, ndiponso chowatulutsa chalefuka. Kuli ngati bwato lobooka limene wokapa madzi wake wathyoka mkono.

Wina angafunse kuti za makoswe zimkhudza bwanji munthu. Yankho lidabwera m'chaka cha 2000, pamene zipatala za ku America zidaulutsa zotsatira za odwala 861. Ena ankapatsidwa mpweya wokwana mamililita 12 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera koyenera msinkhu wao, ena mamililita 6 okha. M'gulu loyamba mudafa anthu pafupifupi 40 mwa 100 alionse, pamene m'gulu lachiwiri mudafa 31. Kuchokera pamenepo, kupereka mpweya wochepa kudasanduka mwambo posamala odwala otere.

Inu amene mwangotsiriza sukulu ndipo mukulinga ku ntchito ya chipatala, sungani phunziroli. Wodwala akamabanika mtima umafuna kumuonjezera mpweya, ndipo kwa zaka zambiri madokotala ankachitadi motero ndi cholinga chabwino. Chidawabweza ndi kuyesa ndi kuwerenga mosamala. Nanunso aphunzitsi, ana akafunsa phindu la sayansi, auzeni za makoswe aja.