Kuyeza kutentha kwa purosesa: BIOS kapena pulogalamu?

Kompyuta ikayamba kuzima yokha ntchito ili mkati, fani ikulira osapuma, ambiri amathamangira kunena kuti yalowa vayirasi. Nthawi zambiri vuto limakhala kutentha kwa purosesa, ndipo pali njira ziwiri zotsimikizira.

Yoyamba ndi ya BIOS. Mukangoyatsa mumadina Del kapena F2, ndipo makompyuta ambiri apadesiki amakuonetsani madigiri pomwepo. Njirayi sifuna intaneti, ndipo imagwira ngakhale Windows itakana kutseguka. Kufooka kwake n'koti imayeza purosesa isanasenze katundu. Kuli ngati kuyamikira mphamvu za ng'ombe ili m'khola, isanakoke ngolo. Malaputopu ambiri saonetsa n'komwe nambalayi.

Yachiwiri ndi pulogalamu yaulere monga Core Temp, HWiNFO kapena HWMonitor, yomwe imawerenga timasensa ta mkati mwa purosesa momwemo. HWMonitor imaika nambala zitatu pamzere umodzi: kutentha kwa panopa, kotsikitsitsa ndi kokweretsetsa. Itseguleni, muisiye, mugwire ntchito ija imene imazimitsa makinawo, kaya ndi kukonza vidiyo kaya masewera. Pakapita kanthawi yang'anani pamene palembedwa Max, chifukwa mlandu wonse umaonekera pamenepo. Purosesa yongokhala imasewera pakati pa madigiri 30 ndi 50, ndipo 70 kapena 80 pantchito yolemetsa si zodetsa nkhawa. Koma mapurosesa ambiri a Intel malire awo ndi madigiri 100. Purosesa ikafika pamenepo imadzichepetsera liwiro, n'chifukwa chake kompyuta imayamba kukwawa, ndipo zikapitirira imazima kuti isapse.

Sikuti BIOS ndi yachabe ayi. Ikaonetsa madigiri 80 kompyuta itangoyaka kumene, palibenso chofufuza: mwina fani yafa, mwina chitsulo choziziritsa purosesa chakhwefuka, mwinanso phala limene limapakidwa pakati pa chitsulocho ndi purosesa lauma. Apa BIOS yakuuzani zonse pa mphindi imodzi.

Kwa ine pulogalamu ndiyo yoyambira, chifukwa imaligwira vuto pa nthawi imene likuchitika. BIOS muisungire tsiku limene kompyuta ikuzima Windows isanatseguke. Nambala zikakhala zokwera, yambani mwachotsa fumbi m'fani ndi m'timabowo ta mpweya, makamaka nyengo ya chilimwe, musanaganize zogula kompyuta ina. Ndipo chonde, laputopu musamaigwiritse ntchito ili pabulangeti.