Chifukwa Chake Mwendo wa Mtchetcha Suphwa

Kwa zaka zambiri maboma a Chikwawa ndi Nsanje anali pakati pa madera amene nthenda ya mtchetcha inafala koposa m'Malawi. Gwero lake ndi nyongolotsi yotchedwa Wuchereria bancrofti, imene udzudzu umasiya mwa munthu, nikakhala m'mitsempha yonyamula madzi a m'thupi.

Asilikali a m'magazi amatumizirana mauthenga. Uthenga wina, monga TNF, ndiwo mfuu ya nkhondo imene imadzetsa kutupa. Wina, monga IL-10, umalamula kuti nkhondo ileke. Nyongolotsiyo imakuza uthenga wachiwiriwu, kotero kuti ambiri amakhala nayo osadziwa. Koma mwa anthu ena mfuu ya nkhondo sileka: mitsempha imawonongeka, madzi amaunjikana, khungu limakhuthala. Tizilombo tolowera m'ming'alu ya kuphazi timautsanso nkhondoyo.

Boma linayamba kugawa mankhwala a ivermectin ndi albendazole mu 2008, ndipo mu 2020 bungwe la WHO linavomereza kuti mtchetcha sulinso chiopsezo m'dziko muno. Komabe amene anatupa kale akadalipo. Aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'boma awakumbutse kuti nthendayi si ya matsenga ayi, ndi kuti kutsuka mwendo ndi sopo tsiku ndi tsiku kumatsekera tizilombo khomo.