Lumo la Agogo Lingathe Kumetanso

Pokonza katundu wa bambo wokalamba amene watisiya, nthawi zina pansi pa sutikesi pamapezeka kampeni kopinda, kopanda nsonga, kodera ndi dzimbiri. Ana amakatenga kukasongolera mapensulo, ndipo pofika madzulo kamakhala katabenthuka. Owerenga okondedwa, kameneko si mpeni ai. Ndi lumo lometera ndebvu, ndipo ngati dzimbiri silinalowe kwambiri, lingathe kumetanso mwana ndi mdzukulu wa mwini wake.

Kumene malumowa anacokera

Mukapukuta pafupi ndi cogwirira mudzaona dzina la wosula ndi la mzinda wake. Mizinda yochuka pa nchito imeneyi ndi itatu: Sheffield ku England, Solingen ku Germany ndi Thiers ku France. Ku Sheffield, m'zaka za m'ma 1740, Benjamin Huntsman, amene poyamba anali wokonza nkoloko, anapeza njira yosungunulira citsulo m'mbiya zadothi kotero kuti cinali kutuluka colimba mofanana ponseponse. Citsulo cotere ndico cinakweza mbiri ya malumo a mumzindawo, monga a Wade & Butcher. Koma amuna amene anali kuwapala pa miyala yozungulira anali kupuma fumbi la mwala ndi la citsulo tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri anafa ndi nthenda ya m'mapapo asanamere imvi. Lumo limene mwatola linadya thukuta ndi moyo wa munthu.

Mu 1903 kampani ya King Camp Gillette ku America inayamba kugulitsa malezala otaya akabuntha. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a ku America anapatsidwa malezala amenewa, ndipo atabwerera kwao ambiri sanafunenso za kunola. Ngakhale zinatero, luso silinafe. Kampani ya Thiers-Issard, imene inayamba mu 1884, ndi ya Dovo ku Solingen, ya mu 1906, zikali kusula malumo, ndipo pali anthu ambiri m'maiko osiyanasiyana amene amafunafuna akale kuti awakonze.

Kulicotsa dzimbiri

Coyamba, liyang'anitsitseni padzuwa. Ngati lili ndi mng'alu, kapena dzimbiri lakumba timaenje takuya kukamwa kwake, lisungeni ngati cikumbutso cabe. Yang'ananinso cogwirira. Zina ndi za nyanga kapena fupa, koma zina ndi za pulasitiki yakale yochedwa celluloid, imene ikayamba kuola imatulutsa mpweya wodya citsulo. Cogwirira cotere ciyenera kucotsedwa msanga.

Dzimbiri la pamwamba limacoka ndi sandipepa ndi timadontho ta mafuta a makina osokera, kuyambira wokhakhala kufikira wosalala kwambiri. Nchito imeneyi ndi ya manja ndipo imatenga maola. Pano ndi pamene ambiri amalakwa: amatopa, napita nalo ku makina a magetsi onolera zikwanje. Kukamwa kwa lumo ndi kopyapyala ngati pepala, motero kumatentha m'kamphindi, citsulo nkufewa, ndipo sicidzagwiranso ukali mpaka kalekale. Lumo limene linapirira zaka 100 m'sutikesi limafa pa mphindi imodzi.

Kulinola

Wosula anayeza kale makulidwe a msana wa lumo kuti ndiwo uzitsogolera kanoledwe. Cifukwa cace ligonekeni pa mwala wonyowa, msana ndi kukamwa zonse zikhudze mwala, ndipo likankheni kukamwa kuli patsogolo, mbali iyi kenaka mbali inayo, mosatsindika. Miyala yogulitsidwa imakhala ndi manambala: wa 1000 umaumba kukamwa, wa 4000 ndi wa 8000 imasalaza. Ometa akale a ku Ulaya anali kukonda mwala wacikasu wokumbidwa ku Vielsalm m'dziko la Belgium. Mwala wonolera mipeni ya kukhichini ndi wokhakhala kwambiri, ungangoliononga. Lumo likayamba kudula ubweya wa pamkono popanda kukoka, lakhwima.

Cotsiriza ndi lamba wacikopa, wosalala, wokokedwa zolimba. Pamenepa msana ndiwo umatsogola, ndipo potembenuza muzitembenuzira pamsana kuti musaceke lamba. Citani cimeneci ka 40 kapena 50 nthawi zonse musanamete. Mukasamala motere, mwala mudzaufuna patapita miyezi.

Kumeta kwake

Nyowetsani ndebvu ndi madzi ofunda kwa mphindi zingapo, ndi kupaka thobvu la sopo lokwanira. Ndi dzanja limodzi kokani khungu kuti liwambike. Lumo lipendeke pang'ono cabe, pafupifupi madigiri 30, ndipo lizitsika pang'onopang'ono motsata kumene ndebvu zagonera. Musalikoke cam'mbali monga mukuceka nyama, pakuti pamenepo ndi pamene limatema. Ife a ndebvu zopotana tisalimbane ndi kupala mpaka khungu liti see, cifukwa tsitsi lodulidwa mozama limapindikira m'khungu ndi kubala tiziphuphu towawa. Wophunzira ayambe ndi masaya okha. Cibwano ndi pansi pa mphuno zidikire sabata zina. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mukatsiriza, tsukani lumo, lipukuteni liume bwino, lipakeni kadontho ka mafuta, ndi kuliika kumene ana sangafike.

Lumo limodzi, munthu mmodzi

Pali lamulo limodzi losayenera kuphwanyidwa. Lumo limakhudza magazi ngakhale pamene diso silikuona bala. Kacirombo ka HIV kangathe kuyenda m'magazi otsala pa citsulo, ndipo ka nthenda ya ciwindi ya hepatitis B kamakhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa. Motero musabwerekane lumo, kaya panyumba, kaya pa kumeta kwa pamaliro. Lopezeka m'katundu wa malemu litsukidwe ndi sopo ndi kupukutidwa ndi spiriti lisanafike pankhope.

Tsono mukadzapeza kampeni kaja m'sutikesi, musawapatse ana. Werengani dzina la mzinda lolembedwa pamenepo, funani sandipepa ndi mafuta, ndipo yambani ndi dzimbiri la kumsana, kutali ndi kukamwa.