Ku Seattle galimoto ya 1987 ikuyendabe, ku Chicago inafa kalekale: chavuta nchiyani?

Amene mumakonda kupukusa chala pa Instagram kapena TikTok mwina mudaionapo galimoto ija yooneka ngati bokosi la machesi, denga lake lotukuka ngati tenti, mkati muli bedi, chitofu, sinki ndi kafiriji. Azungu amaitcha camper van. Ambiri mwa magalimoto akale amenewa ndi a Volkswagen, omwe kampani ya ku Germany ya Westfalia inkawakonza mkati kuti munthu azigonamo ali paulendo.

Chomwe chimandidabwitsa ine si kukongola kwake, koma komwe amapezeka. Ku America, m'mizinda ya kumadzulo monga Seattle, Portland ndi San Diego, magalimotowa ali mbwee m'misewu, ena a zaka zoposa 35. Koma mukafika ku Chicago, Detroit kapena Buffalo, kuiona imodzi ndi mwayi. Dziko ndi limodzi, fakitale inali imodzi. Nanga enawo adapita kuti?

Woyamba kumuimba mlandu ndi mchere, womwewu wa m'ndiwo. Kumpoto chakum'mawa ndi chapakati pa America kumagwa chipale chofewa kwa miyezi ingapo, ndipo maboma amawaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, matayala asaterereke. Miyoyo ya anthu imapulumuka, koma galimoto ndiyo imalipira. Madzi amcherewo amathovukira pansi pa galimoto, nkulowa m'malo omwe malata adalumikizidwa, dzimbiri nkuyamba kudya kuchokera mkati. Vanagon, yomwe inkagulitsidwa ku America kuyambira 1980 mpaka 1991, imadziwika ndi dzimbiri la m'zolumikiziramu. Injini ikafa mutha kuikamo ina, koma thupi likaola ndiye kwatha basi.

Ku Seattle mvula ndi yosayamba, koma mvula payokha siidya chitsulo ngati mchere. Chipale sichigwa pafupipafupi, ndipo kwa zaka zambiri mzindawu unkapewa mchere poteteza madzi a m'nyanja, mpaka chipale cha mu December 2008 chitatseka misewu ndi kukakamiza akuluakulu kusintha maganizo. Kum'mwera kwa California nako ndi kouma. Ndiye galimoto yomwe ku Chicago idapita kwa ogula zitsulo zakutha, mnzake wa chaka chomwecho ku San Diego akunyamulabe ana kupita nawo kunyanja.

Chachiwiri ndi amakaniko ndi masipeya. Apa nkhani imadzizungulira yokha. Komwe magalimotowa ali ambiri, makaniko amawadziwa mpaka phokoso la injini, ndipo mashopu a masipeya amapeza makasitomala. Kampani ya GoWesty, yomwe ntchito yake ndi masipeya a magalimoto amenewa, ili ku Los Osos ku California. Ambiri amachotsa injini yakale nkuikamo ya Subaru. Komwe kuli makaniko galimoto imakhalitsa, ndipo ikakhalitsa makaniko samwalira ndi njala. Kumene yatsala imodzi, mwini wake akatopa nayo amaigulitsa kwa wa kumadzulo, chiwerengero nkupitiriza kutsika.

Chachitatu ndi lamulo, ndipo ili ndi lomwe limandisangalatsa kwambiri chifukwa limasankha galimoto yoti ikhale ndi yoti ife. Ku California, galimoto ya petulo ya 1975 kapena kumbuyo kwake siipimidwa utsi, pomwe ya 1985 iyenera kukhoza mayeso. Ku London, kuyambira pa 29 August 2023 dera lolipiritsa magalimoto otulutsa utsi wambiri, la ULEZ, lidakuta maboma onse a mzindawo. Galimoto yakale ya dizilo imalipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse lomwe yayenda, koma yomwe yadutsa zaka 40 ndi kulembetsedwa ngati ya mbiri siilipira. Tangoganizani, agogo akulowa ulere, mwana wawo akulipira pakhomo! Ku Germany galimoto ya zaka 30 yosamalidwa bwino imapatsidwa nambala yothera ndi chilembo H, ndipo imaloledwa kulowa pakati pa mizinda yoletsa utsi.

Lamulo lomweli ndi lomwe lidapha galimotoyi ku Brazil. Kumeneko Kombi idapangidwabe mpaka December 2013, chifukwa boma lidalamula kuti magalimoto atsopano azikhala ndi ma airbag komanso mabuleki a ABS. Ku South Africa, fakitale ya Volkswagen ya ku Uitenhage, komwe lero kumatchedwa Kariega, idapitiriza kupanga mtundu wa Vanagon uja mpaka 2002, patadutsa zaka khumi ku Ulaya atausiya. Dzina loti kombi lidakhazikika kum'mwera kwa Africa kuno. Abale athu a ku Harare mpaka lero minibasi amaitcha kombi, ngakhale ikhale ya Toyota.

Chachinayi ndi moyo wa anthu ake. Kumadzulo kwa America kuli mapiri, nkhalango ndi malo ambiri a boma komwe munthu amaloledwa kugona usiku, komanso anyamata okonda kusewera pa mafunde a nyanja. Galimoto yogonamo ili ndi ntchito sabata iliyonse. Koma tisanamizane, si onse ogona m'galimoto omwe ali pa holide. Ku Los Angeles, San Francisco ndi Seattle lendi ndi yodula koopsa, ndipo anthu ambiri, ena apantchito ndithu, amagona m'magalimoto chifukwa nyumba yawakanika. Nyengo ya kumeneko imalola. Ku Chicago mu January, kugona m'galimoto nkusewera ndi imfa. Zithunzi za #vanlife zimatisonyeza khofi ndi dzuwa likulowa, koma sizitisonyeza mayi wosaka poimika usiku apolisi asanamuthamangitse.

Mwina mukuti, nanga zikutikhudza bwanji ife? Zikutikhudza m'thumba. Ku Japan galimoto imapimidwa koyamba ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo msonkho umakwera ikakalamba. Eni ake amaona kuti bola kugulitsa, ndiye magalimoto aja amakwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, nkutsikira kuno kudzera pa Songwe. Toyota Hiace yomwe wa ku Portland angaikemo bedi ndi chitofu, kwathu kuno imaikidwa mipando nkuyamba Blantyre–Limbe mawa lake. Palibe wolakwa. Galimoto yomwe ingadyetse banja tsiku ndi tsiku siingakhale pakhomo kudikira holide ya ku Cape Maclear. Ogonamo omwe timawaona kunyanja ambiri ndi alendo okhala ndi manambala akunja.

Tsono mukamasankha galimoto pa foni, musangoyang'ana chaka, makilomita ndi utoto wonyezimira. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumagwa chipale chambiri ndipo misewu imathiridwa mankhwala amchere. Ku Britain nakonso amawaza mchere nthawi yozizira. Funsani wogulitsa komwe galimotoyo inkakhala. Muuzeni akutumizireni zithunzi za pansi pake, za m'mphepete mwa matayala ndi za pansi pa zitseko. Akayamba kuzemba, dziwani kuti pali chomwe akubisa.

Kwa ine phunziro lake ndi lomweli: galimoto siikalamba ndi zaka zokha, imakalamba ndi msewu womwe yadutsamo, makaniko amene yakumana nawo ndi malamulo a komwe idakulira. Musanatumize ndalama yomwe mwasunga kwa zaka zitatu, yambani mwaona kumimba kwake.