Kodi N'koyenera Kulipira Mmisiri Kuti Atchune Mashoko a Njinga ya M'mapiri?

Munthu amene anatsikapo ndi njinga pa njira ya miyala ya ku phiri la Zomba kapena ku Nyika amadziwa m'mene manja amachitira dzanzi ndi m'mene msana umaphwanyira madzulo ake. Pofuna kuchepetsa vuto limeneli, njinga zambiri za m'mapiri zimakhala ndi mashoko monga galimoto. Ndiponso alipo amisiri amene ntchito yao ndi kumasula mashokowo ndi kuwatchuna m'kati kuti agwirizane ndi thupi la mwini njinga. Ntchitoyi imadya ndalama zambiri, choncho n'kofunika kufunsa ngati phindu lake likulingana ndi mtengo wake.

Njinga za mtundu umenewu zinayambira ku Marin County, m'chigawo cha California ku America, m'zaka za m'ma 1970, pamene achinyamata ankapikisana kutsetsereka mapiri pa njinga zakale za matayala aakulu. Mu 1981 kampani ya Specialized inatulutsa njinga yotchedwa Stumpjumper, koma inalibe mashoko. Kampani ya RockShox, imene Paul Turner anaiyambitsa mu 1989, ndiyo inatchukitsa foloko ya mashoko, ndipo mu 1996 masewerowa analowa mu mpikisano wa Olympics ku Atlanta.

Shoko yabwino ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi sipuling'i, imene imakhala ya waya wachitsulo wopotedwa kapena ya mpweya wopoperedwa, ndipo ndiyo imanyamula wokwerayo. Sipuling'i payokha ikhoza kumangodumpha ngati mpira, motero pali mbali yachiwiri yoiletsa. M'menemo muli mafuta amene amakanikizidwa kudutsa m'timabowo totsekedwa ndi timbale tachitsulo topyapyala kwambiri, tosanjikizana. Njinga ikagunda mwala, mafuta amapinda timbaleto ndi kudutsa. Timbale tikakhala tambiri kapena tokhuthala, shoko imalimba, tikachepa, imafewa. Mmisiri wotchuna amasintha timbale timeneti, nthawi zina ndi mafuta omwe. Kufakitale amasanja timbaleto poganizira munthu wa thupi lapakati, pakuti sangadziwe amene adzagule njingayo.

Komabe asanaganize zolipira mmisiri, mwini njinga ali ndi zambiri zoti achite yekha kwaulere. Choyamba ndi kuyeza m'mene shoko imatsikira iye akakhala pa chishalo atavala zonse zimene amayenda nazo. Shoko yakumbuyo iyenera kutsika magawo 25 mpaka 30 pa 100 alionse a ulendo wake, ndipo foloko yakutsogolo magawo 15 mpaka 20. Ndiye kuti shoko yakumbuyo imene imayenda mamilimita 50 iyenera kutsika mamilimita 15 kapena kucheperapo pang'ono. Ikatsika kwambiri, aonjezere mpweya ndi pampu yake yapadera. Ikakana kutsika, auphwetseko. Chachiwiri ndi kupotokola timabatani takunja, makamaka kamene kamalamulira liwiro limene shoko imabwerera nalo. Ikamabwerera mofulumira, njinga imamenya zidyali ngati bulu. Ikamachedwa, imapanikizika pa miyala yotsatizana mpaka kuuma gwa. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha: asinthe chinthu chimodzi chokha, atsike njira yomweyo, kenaka asinthe china.

Chinanso chimene ambiri amachiiwala ndi kusamala. Fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zimadya malabala otseka mafuta, ndipo mafuta nawo amada ndi kutha mphamvu. A RockShox amalangiza kutsuka miyendo ya foloko ndi kuthiramo mafuta atsopano pa maola 50 alionse okwera, ndi kuimasula yonse pa maola 200. A kampani ya Fox amati mashoko ao amasulidwe pa maola 125 kapena kamodzi pa chaka. Shoko imene yatha zaka zitatu osatsegulidwa imakhala yokakamira, ndipo mwini wake akhoza kuganiza kuti ikufuna kutchunidwa, chikhalirecho ikungofuna mafuta ndi malabala. Ena amene amayamikira mmisiri wotchuna sazindikira kuti gawo lina la kusinthako lachokera ku mafuta atsopano amene iye wathiramo.

Nanga ndani amene angapindule ndi kutchunitsa? Woyamba ndi munthu wopepuka kwambiri, monga mtsikana wa makilogalamu 45, kapena wolemera kupitirira makilogalamu 100. Otere amapotokola kabatani mpaka kumapeto koma shoko osamvera, chifukwa timbale ta m'kati sitinasanjidwire thupi lao. Wachiwiri ndi amene wachotsa shoko pa njinga ina ndi kuiika pa njinga yopangidwa mosiyana. Wachitatu ndi wampikisano, monga amene amapalasa masiku 8 mu mpikisano wa Cape Epic, umene unayamba mu 2004 ku South Africa. Kwa iye, tayala logwira nthaka bwino ndi manja osatopa msanga ndizo zimasiyanitsa kupambana ndi kugwa.

Kwa wokwera wa ku Malawi kapena ku Zambia pali vuto lina. Amisiri odziwika pa ntchitoyi ali m'maiko monga South Africa, Britain ndi America, kotero kuti pa malipiro ao pamaonjezeka ndalama zotumizira katundu, ndipo njinga imakhala pa khonde masabata angapo. Ndiponso njinga zambiri zotsika mtengo zimene zimaoneka ngati za m'mapiri zili ngati chikomekome cha mkuyu: kunja n'zonyezimira, koma m'foloko muli sipuling'i yokha, mulibe timbale toti n'kutchuna.

Tsono ndalama ziyende mwa dongosolo lake. Ziyambe zagula mabuleki ogwira, matayala abwino ndi chipewa choteteza mutu. Kenaka zigule pampu ya mashoko, mafuta ndi malabala. Munthu amene wachita zonsezi, nayesa timabatani tonse, koma njinga n'kumakanabe, ameneyo ndiye apite kwa mmisiri, ndipo sadzanong'oneza bondo. Koma amene sanayezepo n'komwe m'mene shoko yake imatsikira adzalipira ndalama zambiri pa chinthu chimene akanachikonza yekha pa khonde ndi pampu m'mphindi 15.